Chaka chimene sopo wa Mayi Anastaziya analuma

Mayi Anastaziya amakhala m'mudzi wina wa ku Ngauma, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera pamsewu waukulu wopita ku Mandimba. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Amalima chimanga ndi mpendadzuwa, amuna awo a Manueli amalima fodya, ndipo kuyambira pamene anthu anabwerera kuchokera ku Malawi kothawa nkhondo, iwo amapanga sopo. Anthu akamakamba za iwo amakonda kuwonjezera, ena mpaka kunena kuti sopo wawo sanalakwikepo. Zimenezo si zoona, ndipo eni akewo sakondwera nazo. Analakwika chaka chathachi, ndipo anatsala pang'ono kuwatsekera khomo la nyumba imene muli mdzukulu wawo woyamba.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mtsikana, kwa sisitere wina wokalamba wa ku mishoni. M'midzi munalibe sikelo yoyezera zinthu zazing'ono, choncho sisitereyo anayeza yekha kamodzi, kenaka n'kuwapatsa atsikanawo lamulo losavuta kuloweza. Paketi imodzi ya soda wa sopo, wowotcha uja, ya theka la kilo. Mabotolo anayi a madzi. Mabotolo khumi ndi awiri a mafuta, a mpendadzuwa osakaniza ndi a ng'ombe osungunula. Mtsikana aliyense analandira botolo lake loyezera, lofiirira, lalifupi, lomwe kale munali mowa. Anzawo ambiri anaisiya ntchitoyi atakwatiwa. Mayi Anastaziya anapitiriza, ndipo botolo lawo linakhala pakona pa khitchini zaka pafupifupi makumi atatu, lili lonona ndi mafuta.

Amasungunula soda m'ndowa ya pulasitiki, panja, atafulatira mphepo. Akazizira amathiramo mafuta pang'onopang'ono, n'kumatakasa ndi mthiko mpaka zitalimba ngati phala la mwana. Kenaka amakhuthulira m'chikombole cha matabwa chimene anawakhomera kalipentala wa pamsika, mawa lake n'kudula ndi waya, n'kuyanika zidutswazo pathandala milungu isanu ndi umodzi. Sisitere uja anawaphunzitsanso kulawa. Sopo akauma umamukhudza ndi nsonga ya lilime, ndipo akaluma ndiye kuti soda wachuluka, sopoyo sayenera kukhudza thupi la munthu. Apa ndiyenera kunena chinthu chimene iwo amachivomera okha: patapita zaka zambiri sopo asakuluma, anasiya kulawa.

A Manueli ndi munthu wofatsa amene ankamwa mowa kwambiri. Pa Lenti ya chaka chathachi anaimirira pamaso pa mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzimo komwe akazi awo ndi wapampando, n'kulonjeza kuti asiya. Anasiyadi. Mlungu umene mphakati unkabwera kudzapemphera pakhomo pawo, iwo anasesa bwalo, n'kuchotsa botolo lililonse la mowa limene linali kuseri kwa nyumba ndi m'chigafa cha fodya. Patapita masiku, Mayi Anastaziya anafuna botolo lawo pakona paja koma sanalipeze.

"Bambo, botolo langa loyezera lili kuti?"

"Linasweka," anatero a Manueli, maso ali pa njinga imene ankapopa. "Koma ndakupezerani lina. Onani, lalitali kuposa lija."

Linali botolo loyera, la zakumwa zoziziritsa kukhosi, limene anabwera nalo kuchokera kutsidya, ku Chiponde, atapita kukagula tayala. Mayi Anastaziya analitembenuza m'manja. Linalidi lalitali, ndiponso lolemera. Anadandaula pang'ono, monga munthu amadandaulira chinthu chimene wakhala nacho nthawi yaitali, n'kuliika pakona pomwepo. Inali nthawi yosoka fodya, ndipo panalibe amene anali ndi mpata wokangana za botolo.

Mu Epulo anapanga sopo woyamba wa chakacho, ndipo sanali wogulitsa. Mwana wawo Ivone, amene anakwatiwa ku Cuamba m'banja la a Ventura, anthu a ntchito ya njanji, anali ndi pakati poyamba. Sopoyo anali wochapira matewera. Mayi Anastaziya anasankha mafuta abwino, nawasefa kawiri pansalu. Atadula, anaona kuti zidutswa zatuwa pamwamba ndipo m'mbali zikunyenyeka, koma anati mwina ndi mphepo yozizira imene inayamba msanga.

Mwana anabadwa mu Juni, wamkazi, ndipo anamutcha Tawonga. Mayi Anastaziya anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, atanyamula ufa, nkhuku ziwiri ndi katoni ya sopo. Kwathu kuno mayi wake wa wobereka ndiye amasambitsa khanda masiku oyambirira, ndipo apongozi ake a Ivone, Dona Josefina, anawapatsa malo amenewo mosavuta. Dona Josefina ndi mayi wa m'tauni, wamkulu thupi, wolankhula Chipwitikizi ndi Chimakuwa, Chinyanja chake chodumphadumpha. Ankawaitana Mayi Anastaziya kuti komadre, monga amachitira a ku Cuamba, ndipo iwo ankayankha kuti asewere.

Pasanathe mlungu, khungu la mwana linafiira monse mokhudza thewera. Kenaka linayamba kusupuka. Mwana ankalira akamamusintha, kulira kosapumira kuja. Manja a Ivone nawonso anachita ming'alu pakati pa zala. Atapita naye kuchipatala, namwino anafunsa sopo amene amachapira, anapereka mankhwala opaka, n'kunena kuti sopoyo asiyidwe lero lomwe.

Dona Josefina sanakalipe. Anatenga katoni ija n'kuiika pakhonde, pafupi ndi chikwama cha alendo awo.

"Komadre, musakwiye. Inu mwatopa, kapumeni kumudzi. Mwana ndimusambitsa ine."

"Asewere, sopo ameneyu ndachapira ana anga onse asanu."

"Ana anu ndi anu. Uyu ndi wathu tonse. Ubatizo uli mu Seputembala. Mubwere, mpando wanu ulipo. Koma za m'manja mwanu, kaya sopo, kaya mafuta odzola, zitsale komweko. Ndipo kumugwira mwana, tidzaona."

Ivone anawaperekeza pokwerera chapa ali wolira, koma sanatsutse apongozi ake, ndipo mayi ake sanafune kuti atsutse. Iwo anali ataona okha khungu lija.

Atafika kumudzi, asanavule ndi nsapato zomwe, anatenga chidutswa chimodzi n'kuchikhudza ndi lilime. Chinaluma ngati akhudza khala la moto. Analavula, natsuka m'kamwa, nakhala pansi pakhonde nthawi yaitali. Akazi a m'mudzi amene anabwera kudzafunsa za mwana anauzidwa zoona zake. Ena anayamba kunong'ona kuti pali munthu wanjiru amene waponda pachikombole. Mayi Anastaziya anawayankha kuti njiru siwonjezera soda m'ndowa.

Anaganiza kuti akangopita ku ubatizo n'kunena kuti pepani, osadziwa chimene chinalakwika, Dona Josefina adzakhala ndi chifukwa chomveka chowakaniza mwana, ndipo iwo eni sadzawakhulupiriranso manja awo. Choncho mwezi wonse wa Julayi anauthera pa kuyesa. Pofuna kusunga mafuta, ankapanga theka lokha la muyeso, mabotolo asanu ndi limodzi pa theka la paketi, n'kukhuthulira m'kabeseni m'malo mwa chikombole. Sopo woyesayo sankamudikira milungu isanu ndi umodzi, ankamulawa akangouma masiku ochepa.

Anayamba kukayikira soda. Wa mu Epulo anagula kwa wamalonda wachilendo pamsika, ndipo anali wa timibulu osati wa tizipalepale monga anazolowera. A Manueli anapalasa njinga mpaka ku Mandimba kukagula wa kusitolo yakale. Sopo anatuluka woluma. Anakayikira madzi a pamjigo watsopano, amene amasiya zoyera m'ketulo, n'kukatunga a kumtsinje. Analumabe. Anakayikira mafuta a mpendadzuwa, poti chaka chimenecho anakayengetsa kuchigayo china, ndipo anapempha botolo zingapo kwa mnansi amene anayengetsa kwakale. Chimodzimodzi. Anasintha mthiko. Anatakasa mpaka phewa linatupa, poganiza kuti mwina ukalamba wawayambitsa kufulumira. Lilime lawo linachita zilonda, moti masiku ena ankadya phala lokha.

"Mayi, ingosiyani," anatero a Manueli tsiku lina. "Sopo ali m'masitolo."

"Wa m'sitolo adzandiuza chimene ndinalakwitsa?"

A Manueli anali asakuganizira za botolo ngakhale pang'ono. Kwa iwo botolo linali botolo.

Chimene chinawatsegula maso chinapezeka mwangozi, kumapeto kwa mweziwo. Ankatulutsa zovala m'bokosi kuti aziyanike, ndipo pansi penipeni anapeza chidutswa cha sopo wa chaka chinacho, chimene anaikamo kuti zovala zizinunkhira. Anachilawa. Chinali chowawa monga sopo aliyense, koma sichinalume. Anapita nacho ku katoni ija ya ku Cuamba n'kuchigundanitsa ndi chidutswa chatsopano. M'litali ndi m'lifupi zinali zofanana, poti waya ndi chikombole ndi zomwezo. Koma chatsopanocho chinali chopyapyala, chochepa ndi pafupifupi theka la chala, chikhalirecho chakale chija chinali chitauma chaka chathunthu.

Ndiye kuti m'chikombole munalowa zochepa. Paketi ya soda sinasinthe. Chimene chinachepa ndi zimene amayeza ndi botolo.

Botolo lofanana ndi lakale lija likanapezeka malo amodzi okha, pa baraka ya Filipe pamsika, pomwe amuna amamwera. Mayi Anastaziya anali asanapondepo pakhomo limenelo, kupatula kuima patali poitana amuna awo zaka zimene ankamwa. Anamanga kapulana wawo, chitenje cha ku tchalitchi, poti ndiye anali wochapa, nanyamuka dzuwa lili pamutu. Pabenchi panali amuna anayi.

"Eee, amayi a mphakati!" anakuwa Filipe. "Lero kugwa mvula. Wozizira kapena wotentha?"

"Ndikufuna botolo lopanda kanthu."

"Lopanda kanthu? Khalani pansi mulipange nokha kukhala lopanda kanthu. Sizitenga nthawi, afunseni awa."

"A Manueli asiya, mayi ayamba," anatero wina wa pabenchi. "Pakhomo paja mowa sufuna kusamuka."

"Inu a Edson, akazi anu amachapira sopo wanga malaya amene mwavalawo. Mukafuna muzivala akuda, pitirizani."

Anzake anamuseka Edson mpaka wina anatsamwa. Filipe anawalowetsa kuseri kumene amaunjika mabotolo. Analipo aakulu ndi aang'ono, obiriwira ndi ofiirira. Mayi Anastaziya sanayang'ane zolembedwa. Ankangogwira limodzilimodzi pakhosi monga amagwirira pothira mafuta, mpaka dzanja linakhazikika pa lina lofiirira, lalifupi, lobenthuka pang'ono pakamwa.

"Ndi ili."

"Tengani, mayi. Koma mubise m'kapulana, anthu angati ndakutembenuzani ndine."

Sanabise. Anadutsa nalo pakati pa msika lili m'manja.

Kunyumba anapeza a Manueli akusanja fodya wotsala. Anawaitana kuti adzaone. Anadzaza botolo loyera lija ndi madzi mpaka pakhosi, n'kukhuthulira m'lofiirira. Madzi anathera m'munsi mwa phewa la botolo. Anabwereza kachiwiri, kenaka kachitatu. Botolo la ku Chiponde linali lalitali chifukwa cha galasi lokhuthala ndi khosi lowonda, koma mimba yake inali yaing'ono. Anayeza mabotolo khumi ndi awiri a loyera m'ndowa, n'kuwabweza ndi lofiirira. Anakwana khumi ndi theka. Sopo wa Tawonga anaperewera mafuta botolo limodzi ndi theka, ndipo soda amene anasowa mafuta oti adye anatsala m'sopomo, n'kukadya khungu la mwana.

Mayi Anastaziya anaseka. Akuti sanafune kuseka, koma zinangotuluka, mpaka misozi. Sanali manja awo, sanali maso awo, sunali ukalamba. Atacheuka anaona amuna awo atakhala pa mtondo wogubuduza, chipewa chili m'manja.

"Mayi," anatero a Manueli, "silinasweke."

"Chiyani?"

"Botolo lija. Ndinaliponya m'chimbudzi pamodzi ndi anzake. Ndinati anthu a mphakati akalowa m'khitchini n'kuliona, adzati Manueli wanama, akumwera mobisa. Ndinachita manyazi kukuuzani."

"Botolo la mafuta? Lonona chonchija? Ndani akanamwera mmenemo?"

"Ine ndikanamwera," anatero a Manueli. "Masiku amenewo ndikanamwera."

Pambuyo pake Mayi Anastaziya anawauza kuti mlanduwo augawana. Wina anataya botolo n'kunama, wina anasiya kulawa sopo wopita kwa khanda. Sanakambenso zambiri. Mawa lake m'mawa a Manueli, osatumidwa, anavala timatumba ta pulasitiki m'manja n'kuyamba kupala sopo yense woluma uja ndi mpeni. Mayi anamuphika pamoto wochepa ndi madzi pang'ono, nawonjezera mafuta amene anaperewera, ndipo anatuluka sopo wosaoneka bwino, wa mabampu, koma wosaluma. Ameneyo anachapira zovala za kumunda mpaka mvula.

Sabata yoyamba ya Ogasiti anapanga watsopano ndi botolo la kwa Filipe. Chikombole chinadzaza mpaka m'mene chimadzazira kale. Anamuyanika milungu isanu ndi umodzi yathunthu, akumulawa Loweruka lililonse. Kenaka anasambira okha kumaso masiku asanu, namupatsanso mnansi wina wa khungu losachedwa kutupa kuti ayese.

Anafika ku Cuamba kutatsala masiku anayi kuti ubatizo uchitike. Sopo sanalowe naye m'nyumba. Anamusiya pageti m'kathumba, pamodzi ndi mabotolo awiri aja, n'kulowa chimanjamanja kukapereka moni. Tawonga anali atachira kalekale, atanenepa, masaya ali phwii, ndipo anali pamsana pa Dona Josefina. Atamwa tiyi, Mayi Anastaziya anapempha madzi m'jagi ndi kuti onse atuluke pabwalo. Anachita zomwe anachita pamaso pa amuna awo. Madzi anathera m'munsi mwa phewa.

"Asewere, mwana ndinamuwotcha ndine. Chifukwa chake ndi ichi. Sindinabwere kudzakana."

Dona Josefina anatenga mabotolowo n'kuyesa okha, kawiri, mwana ali kumsana.

"Botolo lalitali chonchi, wakuba chonchi," anatero. "Nanga analisintha ndani?"

"Linatayika m'nyumba mwathu. Ine ndinalandira latsopanolo osaliyesa."

Ivone anayang'ana mayi ake, ndipo mayi ake anayang'ana jagi.

"Ndiye watsopanoyo ndidziwa bwanji kuti saluma?"

"Mumulawe."

"Ndidye sopo ine? Komadre, ku Ngauma njala yafika pamenepo?"

"Nsonga ya lilime yokha. Yambani uyu." Anatulutsa kachidutswa ka woluma uja, kamene anasunga dala.

Dona Josefina anakhudza n'kudumpha, nalavula m'maluwa, natukwana m'Chimakuwa mawu amene Ivone anakana kumasulira. Atatsuka m'kamwa anakhudza watsopano. Anadikira, nkhope itakwinyika. Anakhudzanso.

"Woipa kukoma," anatero. "Koma saluma."

Sanavomere tsiku lomwelo, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Anachapira sopoyo kapulana wawo n'kugona naye. Tsiku lachiwiri anasambira m'manja ndi m'khosi. Lachitatu analola thewera limodzi, nalitsukuluza okha kanayi, ndipo madzulo anamuvula mwana n'kumuyang'ana pawindo powala. Khungu linali losalala. Masiku onsewo Mayi Anastaziya ankasenda anyezi ndi kusankha mpunga wa phwando, osapempha kunyamula mwana.

M'mawa wa tsiku la ubatizo, nyumba ili piringupiringu, Dona Josefina anatulukira kukhitchini atanyamula beseni la madzi ofunda, thaulo lili paphewa.

"Komadre, ine ndili ndi nkhuku khumi pamoto. Mwanayu asamba yekha?"

Anaika beseni pansi, pambali pake n'kuikapo kasopo ka m'sitolo, konunkhira, ka makanda.

"Pathupi ndi aka. Wanu ndi wa matewera. Tisathamange."

"Tisathamange, asewere," anavomera Mayi Anastaziya.

Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, nayesa madzi ndi kuseri kwa dzanja, n'kulandira Tawonga kwa Ivone. Mwanayo anali atalemera kuwirikiza kuyambira mu Juni, ndipo sankawadziwa. Anawayang'anitsitsa, mlomo ukunjenjemera ngati alira. Atamukhazika m'madzi anamenya ndi mwendo, n'kuwanyowetsa agogo ake bulauzi yonse ya ku tchalitchi, moti ku Misa anapita atavala yobwereka kwa Dona Josefina, yaikulu, manja ake atawapinda katatu.